Hedi yatsopano pa Hiace ya 1KZ-TE: zomwe zaoneka chaka chitatha

Hedi iliyonse (cylinder head, chigawo cha pamwamba pa injini chokhala ndi mavalavu) imaoneka yabwino tsiku loimanga. Injini ilira bwino, utsi woyera watha, mwini galimoto walipira. Mayeso ake enieni ndi dzuwa la Okutobala ku Mfuwe, komanso mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Mahedi amene tikunena pano anamangidwa kuno ku Chipata pa ma Hiace akale ogonamo, aja okhala ndi bedi, kafiriji ndi thanki ya madzi, ndipo onse adutsa chilimwe ndi dzinja.

Injini ya 1KZ-TE inayamba kutuluka mu 1993. Ndi ya dizilo ya turbo, 2,982cc, masilinda 4, mavalavu 8, hedi ya aluminiyamu pa buloko ya chitsulo. Ikatentha mopyola, hedi imang'aluka pakati pa valavu yolowetsa mpweya ndi yotulutsa utsi, mng'aluwo nkufika munjira ya madzi. Pa Hiace zimafulumira chifukwa injini ili pansi pa mpando, ndipo galimoto yogonamo siitula katundu wake. Mudzadziwa kuti hedi yang'aluka paipi ya pamwamba ya radiyeta ikamalimba ngati tayala injini isanatenthe nkomwe, botolo la madzi likamachita thovu, ndiponso madzi akamatha pansi posadontha kanthu.

Pa mtengo, ya Toyota yeniyeni ndiyo ili pamwamba, ndipo nthawi zambiri muyenera kuyitanitsa ku Lusaka kapena kunja. Pakati pali ya AMC, yopangidwa ku Spain. Pansi pali zopanda dzina, zambiri zochokera ku China, zobwera zomangidwa kale ndi mavalavu, masipuling'i ndi camshaft (chitsulo chozungulira chotsegula mavalavu). Palinso ya salaula yochotsedwa pa injini ina. Mitengo ya kwacha imasuntha ndi dola, choncho funsani sabata yomwe mukugula, ndipo funsitsani ngati mtengowo ndi wa hedi yopanda kanthu kapena yathunthu. Ambiri amasokonezeka pomwepo, chifukwa yathunthu yopanda dzina ikhoza kutchipa kuposa ya dzina yopanda kanthu.

Ya Toyota ndi ya AMC palibe zambiri zonena. Madzi sakutsika, mpata wa mavalavu sunasunthe kwenikweni, ndipo ma injekita ndi ma glow plug (otenthetsa injini yozizira polira) analowa m'mazinga awo osakakamiza. Chongofunika ndi kuona kuti chizindikiro cha kampani chaumbidwa pa hedi penipeni, pakuti katoni yokha aliyense angasindikize. Gong'a ilipo.

Nkhani ili pa zopanda dzina. Chodabwitsa nchakuti aluminiyamu yake siimene imayamba kufooka. Zimene zimayamba kugonja ndi tizitsulo tobwera nayo. Mpata wa mavalavu pa injini yozizira uyenera kukhala 0.20 mpaka 0.30 mm kolowera mpweya, ndi 0.25 mpaka 0.35 mm kotulukira utsi. Pa mahedi amenewa mpata umapezeka wolakwika hedi ikungotuluka m'katoni, ndipo miyezi ikapita wa kotulukira utsi umachepa chifukwa mpando wa valavu ukumira mu hedi. Mpata ukatha valavu siitseka, mphamvu imathawa, galimoto ivuta kulira m'mawa, kenako valavu ipsa. Mwini amathamangira kugula batire kapena ma glow plug, chikhalirecho vuto lili pansi pa chivundikiro cha mavalavu. Timphira ta pa mavalavu natonso timauma msanga: utsi wabuluu polira m'mawa ndi oyilo wotsika pang'onopang'ono. Ndipo musamange hedi yotere musanaitsuke. Munjira za madzi ndi za oyilo mumatsalira mchenga woumbira ndi tizidutswa ta chitsulo, ndipo tikalowa mu oyilo timakanda camshaft.

Ngati thumba silikulola ya dzina, nzeru ndi kutenga hedi yotchipayo koma kusamutsiramo camshaft, masipuling'i ndi mabaketi (tizikapu tokhala pamwamba pa mavalavu) a pa hedi yakale ngati sizinadyeke, kuika timphira ta Toyota, kupera mavalavu pamipando yake, nkukonza mpata ndi ma shimu, tizitsulo topyapyala tokhala pa mabaketiwo. Ikayenda makilomita ngati 5,000 yezaninso. Mahedi amene anachitidwa chotere akuyendabe. Amene anangochotsedwa m'katoni nkumangidwa ndiwo abwerera ku galaja.

Ya salaula ndi juga. Zaka zake nzofanana ndi za imene mukuchotsayo, ndipo mng'alu waung'ono suoneka ndi maso. Osagula popanda kuipima ndi mpweya ili m'madzi otentha. Kuwotcherera hedi yong'aluka sitikulimbikitsa, imatsegukanso pambali pa chowotchereracho. Hedi ikapindika kupyola 0.15 mm, yatha ntchito.

Koma hedi zambiri zimene zafanso, kuphatikizapo zodula, zaphedwa ndi kamangidwe. Gasiketi ya injini imeneyi ili ndi makulidwe atatu, ndipo yoyenera imasankhidwa poyeza mmene mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko, osati poona imene ili m'shopu. Mabauti ndi 18. Gulani atsopano, pukutani mabowo ake asakhale ndi oyilo kapena madzi pansi, mangani kuyambira pakati kupita kunja mpaka 39 Nm pa sipanala yoyeza kulimba, kenako zungulizani madigiri 90, ndi enanso 90. Kumanga ndi paipi yolowetsa pa sipanala mpaka dzanja "limve" ndiko kumaphulitsa gasiketi ku Kacholola. Ma injekita apite kukapimidwa ndipo alowe ndi mawasha atsopano, chifukwa injekita yodontha imawotcha kachipinda koyatsira dizilo mu hedi.

Ndiye funsani chimene chinapha hedi yoyamba. Kawirikawiri ndi radiyeta yotsekeka ndi madzi a pa mjigo, amene amasiya miyala yoyera m'timapaipi. Radiyeta ya zaka zoposa 20 isinthidwe, kutsuka ndi hosi sikufika mkati. Fani ya injini imagwira ndi mafuta a silikoni: injini itatentha ndi kuzimitsidwa, fani ikamazungulira mopepuka ndi chala ndiye kuti mafuta anatha. Thermostat, kavalavu kotsegulira madzi njira ya ku radiyeta injini ikatentha, musachotse, ngakhale amakanika ena amalumbirira kuti kuno nkotentha. Ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini, ndiye ikachoka madzi ena otentha amazungulira osafika ku radiyeta. Thirani coolant wosakaniza ndi madzi oyera othira mu batire (distilled water, osati asidi), osati a pachitsime. Zonsezi muziwerengere pamodzi ndi mtengo wa hedi musanasankhe, pakuti hedi yapakati yokhala ndi radiyeta yatsopano ikukhalitsa kuposa yodula yomangidwa pa radiyeta yakale.

Singano ya kutentha ya pa dashibodi musaikhulupirire. Imakhala pakati nthawi yaitali, ndipo ikamadzakwera hedi yayamba kale kuvutika. Geji yapadera ya manambala ndi yotchipa kuposa gasiketi ndi ntchito yake. Pokwera phiri ndi katundu, chotsani overdrive (giya yapamwamba) kuti fani ndi pampu ya madzi zithamange, ndipo mukafika pamwamba musazimitse pomwepo, ilire kaye mphindi ziwiri kapena zitatu.