Njanji yafulati kapena ya bokosi: iti yoyenera chitseko chokankhira pambali?

Chitseko choyenda pa njanji, cha mtundu uja wa m'makola, chikamavuta nthawi zambiri vuto silikhala thabwa ayi. Limakhala njanji ndi makhomedwe ake.

Njanji yafulati ndi chitsulo chophwatalala, kawirikawiri cha mamilimita 40 m'lifupi ndi 6 kuchindikala, ndipo mawilo amayenda pamwamba pake poonekera. M'nyumba ndiyo yabwino. Sankhani ya mawilo a nayiloni okhala ndi mabeyaring'i, chifukwa achitsulo amasokosa komanso amakanda penti mpaka dzimbiri kuyamba. Panja siipirira: fumbi limaunjikana pomwe wilo limaponda, mvula n'kumalizitsa. Kumeneko pamafunika njanji ya bokosi yokutidwa ndi zinki, imene mawilo amayenda m'kati mwake. Maonekedwe ake si okopa, koma imanyamula zitseko zolemera.

Musanagule, ikani chitseko pasikelo, ndipo mutenge seti yolembedwa makilogalamu oposa kulemera kwakeko. Njanji italike kawiri kuposa m'lifupi mwa chitseko: cha masentimita 90 chimafuna njanji yosachepera 180, apo ayi khomo silitseguka lonse. Chitsekocho chipitirire khomo ndi masentimita 3 mpaka 5 mbali iliyonse, ndipo pamwamba pa khomo pakhale malo pafupifupi masentimita 15.

Pokhoma m'pamene ambiri amalakwitsa. Njanji zambiri zimabwera zoboola kale, ndipo mabowowo sakumana ndi mitanda ya m'khoma la matabwa. Yambani mwakhoma thabwa lolimba pamitandayo, njanji ikhale pathabwalo. Pakhoma la njerwa gwiritsani ntchito mabawuti otambasukira m'kati, ndipo muboole panjerwa penipeni, osati pamatope omangira, chifukwa pamenepo bawuti amagwedera pakapita miyezi. Levulo isachoke m'manja. Njanji ikapendekeka pang'ono chabe, chitseko chimayamba kuyenda chokha.

Tsegulani paketi muone tizipangizo ting'onoting'ono: zoimitsa za kumapeto onse awiri, kolondolera ka pansi kolowa mumpata wa kunsi kwa chitseko, ndi timadisiki toletsa wilo kudumpha. Popanda timadisikito, mwana akachinyamula pang'ono chitseko chimaguluka n'kumugwera. Seti ya njanji yafulati yosowa chimodzi mwa izi musaigule.

Dziwaninso kuti pakati pa chitseko ndi khoma pamatsala mpata wodutsa phokoso ndi kuwala, choncho kubafa kapena kuchipinda chogona chitseko cha mahinjesi chimaposabe.