Mwana timulembetse kuti: kulokeshoni, kumayadi kapena yapulayiveti ya m'tauni?

Mukalawirira pamsewu wotuluka mu Soweto, lokeshoni yaikulu ya ku Johannesburg ku South Africa, mudzaona maminibasi atadzaza ana a yunifolomu akulowera kumayadi, pomwe sukulu zina za mulokeshoni momwemo zatsala ndi madesiki opanda wokhalapo. Zina boma lidazitseka kapena kuziphatikiza. Kuyambira 2019 boma la chigawo chino cha Gauteng lidalola kholo kufunsira malo ngakhale kusukulu yotalikira makilomita 30, ndiye tonse tikulimbirana zomwezo.

Za kumayadi, zija kale zidali za azungu, ankati Model C, n'zabwino ndithu: Chingerezi kuyambira Grade 1, bwalo lamasewero, laibulale. Koma pa magulu asanu (quintile) omwe boma limaikamo sukulu potengera umphawi wa dera, zambiri zili mu 4 kapena 5, kutanthauza fizi, kuwonjezapo ya minibasi mwezi ndi mwezi. Malo a Grade 1 ndi Grade 8 amafunsidwa pa intaneti, ndipo wokhala pafupi ndiye amayamba. Mwana amadzuka nkhuku zisanalire, kubwera madzulo ali lefu.

Yapulayiveti ya m'tauni ndiye idandipweteka ine. Ambirife timathamangirako chifukwa safunsa mapepala ambiri. Wanga ndidamuyika pa ina ya pamwamba pa shopu, chipinda chimodzi chodulidwa ndi bolodi, kuti aphunzitsi a mbali iyi akamayankhula a mbali inayo ankamveka. Patatha chaka ndikufuna kumusamutsa, kusukulu yatsopano lipoti lake adalikana: ya pashopu ija sidalembetsedwe kuboma. Zilipo zolongosoka, sindikukana, koma musanapereke ngakhale randi imodzi funsani nambala ya EMIS, yomwe boma limapereka kwa sukulu yolembetsedwa.

Tsono ya kulokeshoni, yomwe timainyoza. Za quintile 1 mpaka 3 n'zaulere, ana amadya pasukulu pomwepo, aphunzitsi amalipidwa ndi boma. Vuto lenileni n'chiyankhulo: zambiri mpaka Grade 3 zimaphunzitsa m'Chizulu kapena Chisutu, Chingerezi chimatenga malo pa Grade 4. Wanga miyezi yoyamba ankabwera ali duu, mtima unkandiwawa. Pofika nthawi yozizira ndi iye ankandimasulira kwa mayi a nyumba.

Amayi anzanga, musaope za mapepala. Mu 2019 khoti lalikulu la mumzinda wa Makhanda lidagamula kuti mwana asabwezedwe pasukulu ya boma chifukwa chosowa zikalata. Kalaliki akakubwezani, pitani ku ofesi ya maphunziro ya m'dera lanu.

Ine ndasankha ya kulokeshoni, yoyenda wapansi. Ndalama ya minibasi ija ndikumugulira mabuku a Chingerezi, timawerenga limodzi tikatha kudya nsima.