Hadi yakale, SSD ya SATA kapena NVMe: iti yomwe imafulumizitsadi gemu?

Pa kamalo kanga ka magemu, kufupi ndi msika wa pa Boma kuno ku Mangochi, wosewera GTA V amalipira mphindi. Ndiye makina akamachedwa kuloda, mphindi zomwe zikudyedwazo ndi za mwana amene walipira kale, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Chaka chatha mnyamata wina ankati akangodina kuti gemu iyambe, amanyamuka kukagula chinangwa chokazinga panja, n'kubwera kudzapeza kabwalo kaja kakuzungulirabe pakona. "Achimwene, makinawa atopa, gulani ena," ankandiuza. Makina anali bwinobwino. Chomwe chinkatichedwetsa chinali hadi disiki.

Hadi ndi mbale zozungulira, maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kamkono koyenda pamwamba pake kufunafuna pomwe pali fayilo. Ikamawerenga fayilo imodzi yaikulu, monga filimu, imayenda bwino ndithu, pakati pa 100 ndi 200 MB pa sekondi. Koma gemu ndi tizidutswa tambirimbiri: nyumba apa, phokoso la galimoto uko, nkhope ya munthu kwinanso. Kachidutswa kalikonse kamkono kaja kayenera kusuntha, n'kudikira kuti mbale izungulire ifike pamalopo, ndipo ulendo uliwonse umadya pafupifupi mamilisekondi 10. Zili ngati kutola mtedza womwazika pabwalo umodziumodzi. SSD, disiki yosunga zinthu m'timachipi ta memori, ilibe choyenda mkati, imafika pa kachidutswa kalikonse mosakwana milisekondi imodzi. Kusiyana kwakukulu kuli apa, osati pa manambala akuluakulu olembedwa pa katoni.

Tsono ma SSD alipo amitundu iwiri yomwe tingakumane nayo. Ya SATA, ija yooneka ngati kabokosi kophwatalala ka mainchesi 2.5, imathera pa 550 MB pa sekondi chifukwa chingwe cha SATA III sichilola kupitirira apo. Samsung 870 EVO, Crucial MX500, Crucial BX500 ndi Kingston A400 zonse ndi za gulu limeneli. Ya NVMe ndi kathabwa kakang'ono ngati chala kolowa pa kampata kotchedwa M.2 ka pa motherboard, thabwa lalikulu la mkati mwa kompyuta. Liwiro lake limatengera m'badwo wa njira yomwe imalumikizirana ndi kompyuta, yotchedwa PCIe: ya PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3,500 MB pa sekondi, ya PCIe 4.0 monga WD Black SN850X ndi Samsung 990 Pro imadutsa 7,000, ndipo za PCIe 5.0 zimapitirira 10,000.

Munthu ukaona 550 ndi 7,000 umaganiza kuti gemu ilowa mwachangu kuwirikiza kakhumi. Ine ndinkaganizanso choncho. Nditachotsa hadi n'kuika SSD ya SATA mu kompyuta ija, mnyamata wa chinangwa uja sanafikenso ngakhale pakhomo. Kenako mnzanga wa ku Monkey Bay anabwera ndi laputopu yake ya NVMe, tinaziika moyandikana, n'kudina nthawi imodzi. Yake inatsogola, inde, koma ndi timasekondi tochepa toti ukayang'ana kumbali sutiona. Chifukwa chake n'chakuti mafayilo a gemu amakhala opanikizidwa, ndipo purosesa iyenera kuwamasula kaye isanawapereke ku graphics card, chipangizo chojambula zithunzi za pa sikirini. Msewu ungatakate bwanji, pa rodibuloko pakakhala wapolisi mmodzi galimoto zidutsa imodziimodzi basi. Microsoft inatulutsa njira yotchedwa DirectStorage mu 2022 kuti ichepetse mzere umenewu, ndipo Forspoken ya 2023 inali gemu yoyamba ya pa kompyuta kuigwiritsa ntchito, koma magemu omwe timasewera tsiku ndi tsiku, monga FIFA ndi eFootball, sanamangidwe motero. Ngakhale gemu ya Starfield, yomwe mu 2023 inanena poyera kuti imafuna SSD, sinanene kuti ikhale ya NVMe.

Musayembekezenso kuti SSD ikweza FPS, kuchuluka kwa zithunzi zomwe gemu imaonetsa pa sekondi. Gemu ikamatsimphina chifukwa graphics card ndi yofooka, idzatsimphinabe. Chomwe chimatha ndi kuja kwakuti ukuthamangitsa galimoto mumzinda, msewu n'kusowa kutsogolo kwako chifukwa hadi sinaubweretse.

Funso lenileni ndi lakuti makina anu amalandira chiyani, ndipo apa ndi pomwe ndalama za anthu zimapsera. PS4 imalandira ya SATA ya mainchesi 2.5 yokha. Yoyamba ija ndi Slim zili ndi SATA II, yomwe imathera cha pa 300 MB pa sekondi, choncho kuigulira SSD yodula n'kutaya ndalama. Yotchipa yeniyeni ikwanira, ingokumbukirani kuti mudzafunika kuikanso pulogalamu ya makinawo kuchokera pa fulashi. PS5 ndi nkhani ina: imafuna NVMe ya PCIe 4.0, Sony imalangiza ya 5,500 MB pa sekondi kapena kuposa, yokhala ndi kachitsulo kochotsa kutentha kaja amati heatsink. Xbox Series X ndi S zimafuna khadi lakelake la Seagate kapena WD. Pa PS5 ndi ma Xbox amenewa, disiki ya pa USB imangosunga magemu atsopano, siiwaseweretsa.

Malaputopu akaunjika omwe ambirife tili nawo ali ndi msampha wawo. SATA iliponso ina yooneka ngati kathabwa ka M.2, ndipo polowetsa pa M.2 pamaoneka chimodzimodzi, koma ena amamva SATA yokha, ena NVMe yokha, ena zonse. Yang'anani kumapeto kwa kathabwako, komwe kuli timano tagolide: ya SATA imakhala ndi timipata tiwiri, ya NVMe nthawi zambiri kamodzi. Ine ndinabwerapo ndi yolakwika kuchokera ku Limbe, ndipo mtengo wa minibasi yobwerera kukasintha unandipweteka kuposa china chilichonse. Fufuzani dzina la laputopu yanu pa intaneti musananyamuke. Ngati ili ndi malo a DVD omwe simuwagwiritsanso ntchito, pali kachitsulo kotchedwa caddy koika disiki yachiwiri mmenemo.

Kutentha kwa kuno kumalowanso mu nkhaniyi. Mu Okutobala ndi Novembala, m'chipinda cha malata muli anyamata khumi, NVMe yothamanga kwambiri imatentha msanga, ndipo ikadutsa cha pa madigiri 70 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Ndiye kuti mwalipira 7,000 koma masana mukulandira zochepa. Ya SATA siitentha choncho. Pa kugwedezeka, ma SSD onse awiri amaiposa hadi kutali. Laputopu yomwe imayenda pa kabaza kapena kukwera mapiri a ku Namwera m'chikwama ndi bwino ikhale ndi SSD. Magetsi akathima mwadzidzidzi palibe yopulumuka kotheratu, chifukwa zomwe zinkalembedwa nthawi imeneyo zimatha kuwonongeka paliponse. Kompyuta ya patebulo igulireni UPS, batire loisunga yoyaka kwa kanthawi magetsi akathima.

Pa ndalama zofanana, ine ndingatenge 1 TB ya SATA m'malo mwa 500 GB ya NVMe yapamwamba. GTA V yokha imadya cha m'ma 100 GB, Call of Duty imaposa apo, Windows nayo ikufuna malo ake. Ya 256 GB imadzaza sabata yoyamba, ndipo SSD ikadzaza kwambiri imayamba kuchedwa polemba, makamaka zotchipa zopanda DRAM (kamemori kothandizira liwiro mkati mwa SSD) monga BX500 ndi A400. Posungira magemu okha, zotchipazi zilibe vuto. Ngati Windows ikhalanso momwemo, 870 EVO kapena MX500 zomwe zili ndi DRAM zimapirira bwino. Koma ngati makina anu ali ndi M.2 ya NVMe ndipo mitengo yayandikana, tengani NVMe wamba ya PCIe 3.0, palibe chifukwa choikanira.

Hadi yakale ija musataye. Kwa ife amene timatsitsa magemu ndi bandulo ya Airtel kapena TNM, kufufuta gemu ya 100 GB kuti udzaitsitsenso ndi chinthu chowawa. Hadi ikhale nkhokwe. Steam, pulogalamu yogulira ndi kutsitsira magemu, imalola kusamutsa gemu kuchoka pa disiki ina kupita pa ina popanda kuitsitsanso, ndiye omwe akuseweredwa mwezi uno akhale pa SSD, enawo adikire mu nkhokwe.

Chenjerani ndi ma SSD akunja olembedwa 2 TB pa mtengo wa fulashi. Ambiri mkati mwake muli kamemori kakang'ono konamiza kompyuta, ndipo mafayilo amasowa mukangodutsa malire ake enieni. Yogwiritsidwapo kale ntchito iyeseni ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo, ikuonetsani maola omwe yagwira ndi thanzi lomwe latsala. Yatsopano yokayikitsa iyeseni ndi H2testw, yomwe imalemba disiki yonse n'kuwerenganso. Pa 1 TB kuyesaku kumatenga nthawi yaitali, simungakumalizire pa kauntala, choncho gwirizanani ndi wogulitsa kuti ikalephera mubweza, ndipo zilembedwe pa lisiti musanakwere minibasi yobwerera ku Mangochi.