Kasikirini ka mainchesi 3.5 ka pa Raspberry Pi: kabwino, koma kapepala kake musakatsate

Kasikirini kamene ndikunena ndi kaja kamene mumangokakhazika pamapini a Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono ka bodi imodzi, osafuna chingwe cha HDMI. Kamagulitsidwa ndi mayina ambirimbiri, kena kopanda n'dzina lomwe, koma m'kati mwake zambiri n'zofanana: timadontho 480 m'litali ndi 320 m'lifupi, chip ya ILI9486 yoyendetsa chithunzi, ndi ina ya XPT2046 yomva pamene mwadina. Kanga kanabwera m'kabokosi kosalembedwa kanthu, muli kandodo kapulasitiki kodinira ndi kapepala kosonyeza kokatenga pulogalamu yake pa intaneti. Ndinkafuna kazindionetsa kutentha kwa m'kachipinda kosungiramo zipangizo, komanso pakhale mabatani angapo oyatsira ndi kuzimitsira fani. Ntchitoyo kakuigwira bwino, ndipo nditafuna kena ndikhoza kugulanso komweka. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti anthu ambiri amakataya kali kabwinobwino, chifukwa cha kapepala kaja.

Mukakayatsa koyamba kamangoyera mbuu. Ambiri amaganiza kuti agula chakufa. Ayi ndithu. Nyali yakumbuyo kwa galasi imatenga magetsi pamapini mwachindunji, choncho imayaka ngakhale kompyuta isanalankhule nako chilichonse. Kuyerako kukungokuuzani kuti driver yake, pulogalamu imene kompyuta imalankhulira nako, sinadzuke. Kakada bii ndiye nkhani ina, yang'anani mmene mwakakhazikira. Soketi yake ili ndi mabowo 26 pomwe Pi yamasiku ano ili ndi mapini 40, ndiye sizichedwa kukasunthira mzere umodzi osazindikira. Iyenera kuyambira pa pini 1, mbali yotalikirana ndi madoko a USB.

Tsopano za kapepala. Kamakutumizani kukatsitsa script, kapulogalamu ka malamulo otsatizana, imene imalemba pamwamba pa config.txt yanu, fayilo imene Pi imawerenga poyamba kuyaka, n'kuika mafayilo ake, n'kuyambitsanso kompyuta, zonsezi osakufunsani. Script imeneyi inalembedwera Raspberry Pi OS yakale. Kuchokera pa mtundu wa OS imeneyi wotchedwa Bullseye wa 2021 chithunzi chimadutsa mu driver ya KMS, ndipo Bookworm ya 2023 inasamutsira fayilo ija ku /boot/firmware/config.txt n'kubweretsanso Wayland, njira yatsopano yoonetsera mawindo. Njira yakale inkadalira kapulogalamu ka fbcp, kamene kankakopera chithunzi cha HDMI n'kuchitumiza ku kasikirini kudzera mu DispmanX, njira yakale ya Pi yoyendetsera chithunzi, ndipo DispmanX siyendera limodzi ndi KMS. Kwa ine script ya wogulitsayo inasiya kasikirini kali koyera, sikirini yaikulu nayonso yada, moti ndinachita kulembanso khadi ya SD yonse. Wogulitsa akadangolemba pakapepalako kuti izi n'za OS yakutiyakuti, bwenzi atapulumutsa anthu ambiri.

Chonsecho driver yoyenera ilimo kale mu kernel ya Linux, imene ndi phata la OS ya Pi. Pa OS yatsopano yosaigwiragwira, ndinangoonjezera mizere iwiri mu config.txt: dtparam=spi=on ndi dtoverlay=piscreen,drm,speed=16000000. Nditayambitsanso, kuyera kuja kunachoka, zilembo n'kuyamba kutsika. Mukafuna kutsimikiza, lembani dmesg | grep -i ili9486 mu terminal, windo lolembamo malamulo, muone ngati kernel yakapeza.

Nambala ya speed ija ndiyo imaulula zimene kasikirini aka kangathe ndi zimene sikangathe, ndipo masamu ake ndi osavuta. Timadontho 480 kuchulukitsa ndi 320 tikukwana 153,600. Kadontho kalikonse kamafuna ma bit 16, kutanthauza ma bit 2,457,600 pa chithunzi chimodzi chathunthu. Zonsezi zimadutsa motsatizana pa waya umodzi wa SPI, njira imene Pi imalankhulira ndi kasikirini kudzera pamapini. Pa 16 MHz, kutanthauza ma bit 16,000,000 pa sekondi, ndiye kuti kamajambula sikirini yonse kasanu n'kamodzi ndi theka pa sekondi, basi. Mukakweza kufika 32 MHz mupeza pafupifupi 13, koma kanga pamenepo kanayamba kusokoneza mitundu, timizere tobiriwira tikuthamanga m'mbali. Ndinabwerera pa 16. Manambala a kutentha akamasintha simuona vuto lililonse, chifukwa kamajambulanso kachigawo kokha kamene kasintha. Koma vidiyo iwalani, ngakhale kutsitsa tsamba la intaneti kumaoneka chithunzi chikudukaduka. Uku sikuwonongeka, ndipo palibe driver imene ingakonze zimenezi. Njira yake ndi yopapatiza, basi.

Kudina ndiko kumasokoneza anthu kwambiri, ndipo chimene chinandithandiza ndi kukumbukira kuti chithunzi ndi tachi (mbali yomva kudina) ndi zipangizo ziwiri zosiyana zongomatidwa pamodzi. Zimagawana mawaya a SPI, koma chilichonse chili ndi pini yake yochiitanira: chithunzi pa pini 24, tachi pa pini 26. Chithunzi chikhoza kuoneka bwinobwino tachi ili zii, kapena tachi n'kumagwira chithunzi palibe. Musamazifufuze limodzi. Ikani pulogalamu ya evtest, muiyendetse, musankhe chipangizo cholembedwa ADS7846 Touchscreen. Dzinalo lisakudabwitseni, XPT2046 inapangidwa motsanzira ADS7846 ya Texas Instruments ndipo zimagwiritsa ntchito driver imodzi. Mukadina pagalasi muyenera kuona manambala a X ndi Y akutuluka, apakati pa 0 ndi 4095. Akatuluka, ndiye kuti mawaya ndi chip zili bwino, chatsala n'kuwongola basi. Akapanda kutuluka, kayikirani pini 11, imene mapulogalamu amaitcha GPIO17. Pamenepo ndi pamene tachi imagogodera kompyuta kuti wina wadina. Pulogalamu ina kapena relay ikakhala kuti yatenga kale GPIO17, mudzadina mpaka chala kuwawa osaona kanthu. GPIO24 ndi GPIO25 nazonso n'za kasikirini, musazipatse ntchito ina.

Kanga manambala ankatuluka, koma ndikadina kumanzere muvi unkapita kumanja. Izi zimachitika chifukwa kutembenuza chithunzi sikutembenuza tachi. Overlay ya piscreen, imene tinaitana ndi mzere wa dtoverlay mu config.txt, ili ndi mawu atatu othandiza apa, swapxy, invx ndi invy, ndipo mumangowaonjezera kumapeto kwa mzere uja. Njira ina ndi lamulo la udev, mbali ya Linux yoyang'anira zipangizo, loika LIBINPUT_CALIBRATION_MATRIX. Manambala a "-1 0 1 0 -1 1" amatembenuza madigiri 180, pomwe "0 -1 1 1 0 0" amatembenuza 90. Malangizo akale ambiri amati mugwiritse ntchito xinput_calibrator, koma imeneyo ndi ya X11, njira yakale yoonetsera mawindo, pa Wayland siikuthandizani. Chinanso, m'makona manambala safika pa 0 kapena 4095 penipeni, amaperewera pang'ono mbali zonse, n'chifukwa chake pakati pamalondola koma kabatani ka pakona kamakuzembani. Ine ndinangopanga mabatani anga akuluakulu n'kuwachotsa m'mphepete. Zinandithera msanga kusiyana n'kulimbana ndi manambala.

Tachi imeneyi ndi yamtundu wa resistive. Pali timapepala tiwiri topyapyala todutsa magetsi, ndipo mukasindikiza timakhudzana, chip n'kuyeza pamene takhudzanirapo. Ndiye imafuna kusindikiza ndithu, osati kungosisita monga pa foni. Nsonga ya chikhadabo kapena kandodo kaja zimagwira bwino kuposa mnofu wa chala, ndipo imamva malo amodzi okha nthawi imodzi. Ena amaona ngati n'kutsalira, koma ine ndinakondwera nazo, chifukwa imamva ngakhale mutavala magolovesi kapena m'manja muli girisi. Kuipa kwake n'kwakuti chilichonse chosindikiza chimawerengedwa ngati chala. Muvi ukamadumpha wokha kapena kukakamira pakona imodzi, masulani zomangira za kabokosi kamene mwaikamo, muone ngati m'mphepete mwake simukupana galasi. Kapulasitiki kotetezera kamene kamabwera katamatidwa pamwamba nakonso kachotseni.

Muvi ukamanjenjemera kabokosi kasakupana, funsani za magetsi. Lembani vcgencmd get_throttled. Yankho la 0x0 ndiye kuti zili bwino, koma 0x50000 kapena 0x50005 likusonyeza kuti magetsi anatsikapo pansi pa 4.63 V. Pi 4 imafuna chaja ya 5 V yotha kupereka 3 A, ndipo chingwe chowonda chimadya mphamvu panjira. Popeza tachi iyi imagwira ntchito poyeza magetsi, akamagwedezeka nayonso imagwedezeka.

Pali zimene sindikukondwera nazo ndipo sizikonzeka. Nyali yakumbuyo pa kanga siichepetseka ndi pulogalamu, imayaka mofanana usana ndi usiku, ngakhale mutalamula Pi kuti izime, mpaka mutazula chaja. Mukakayang'anira chapansi mitundu imasandulika, ndiye poika pakhoma muyese kaye mbali imene maso azichokera. Kamakhala pamwamba penipeni pa purosesa, mpweya osadutsa bwino, ndipo pa Pi 4 kutentha kumakwera moonekeratu. Pa desktop wamba mawindo ambiri ndi aakulu kuposa 480 ndi 320, moti batani la OK limagwera kunja kwa galasi. Kasikirini aka kamafuna pulogalamu imodzi yodzaza sikirini yonse, yopangidwira ikoko.

Amene akufuna kusisita ndi zala zingapo, kapena kuonera zinthu zoyenda, aganizire masikirini olumikiza pa DSI, doko la sikirini limene lili pabodi ya Pi. Sikirini ya mainchesi 7 imene a Raspberry Pi anatulutsa mu 2015 ili ndi timadontho 800 ndi 480 ndipo tachi yake ndi ya capacitive ngati ya foni. Touch Display 2 ya 2024 ili ndi 720 ndi 1280. Zimenezi OS imazizindikira yokha. Mungosamala za kachingwe kake kophwatalala ngati lamba, chifukwa doko la pa Pi 5 lili ndi mapini 22 pomwe la ma Pi akale lili ndi 15. Ziliponso za HDMI zimene tachi yake imadutsa pa USB, ndipo pa zimenezo tachi ikakhala chete yambani mwasintha chingwe, popeza zingwe zina n'zotchajira chabe, mulibe mawaya a data. Lamulo la lsusb likuuzani ngati kompyuta yachiona chipangizocho. Koma Pi Zero ilibiretu doko la DSI, ndipo pamenepo ka SPI aka kamakhala ndi malo ake enieni.

Musanagule, funsani wogulitsa mayina a ma chip awiri aja, kapena muone chithunzi cha kumbuyo kwa bodi. Kukula kofanana sikutanthauza m'kati mofanana. Tina ta mainchesi 3.5 tili ndi ILI9488 kapena ST7796, ndipo mzere wa piscreen uja sudzatidzutsa, tidzangoyera mbuu mpaka mutapeza driver yaketo. ILI9488 pa SPI imatumiza ma byte atatu pa kadontho m'malo mwa awiri, ndiye imachedwanso kuposa apa. Wogulitsa akalephera kukuuzani dzina la chip, pitani kwa wina amene walilemba.