Ndemanga yanga pa chithandizo cha mizu ya dzino chogwiritsa ntchito laser

Patha milungu 6 chilandirireni chithandizo chimene madokotala a mano amachitcha root canal, chochotsa mtsempha wowola m'kati mwa dzino m'malo molizula, ndipo ndikuona kuti tsopano ndingathe kunena zoona zake za mmene laser, chipangizo chotulutsa kuwala kwamphamvu, inandithandizira. Aka kanali kachiwiri kulandira root canal, koma pa dzino lina. Koyamba, zaka 4 zapitazo, dokotala sanagwiritse ntchito laser, ndipo ndinatha masiku atatu ndisakupeza tulo.

Ndinapita ndikuganiza kuti laser igwira ntchito yonse, koma si mmene zilili. Dokotala anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, anatchinga dzinolo ndi kansalu ka labala, n'kupala tinjira titatu ta m'mizu ndi tizitsulo topyapyala monga mwa nthawi zonse. Atathira mankhwala otsukira a sodium hypochlorite, anandiveka magalasi oteteza maso n'kulowetsa kansonga ka laser ya mtundu wa Er:YAG. Madzi amayamwa kwambiri kuwala kwa laser imeneyi, motero m'mankhwalawo mumabadwa timathovu timene timaphulika mwamsanga n'kuwakankhira m'tinthambi ting'onoting'ono ta mizu, mmene mabakiteriya amabisala chifukwa tizitsulo sitifikamo. Ine ndinkangomva kaphokoso kakuti thi, thi, thi, ndipo sindinamve kutentha kulikonse.

Dzanzi litatha madzulo, ululu unabwera ndithu, ndipo sindikufuna kuti wina anamizidwe kuti laser imauthetseratu. Komabe sunali ululu wogunda ngati mtima umene ndinaumva koyamba uja. Dzino linkangolemera, ndipo linkawawa pokhapokha ndikalikankha ndi lilime. Ibuprofen amene ndinamwa kawiri tsiku loyamba anakwanira. Pa tsiku lachitatu ndinayamba kumva kupweteka kwambiri potafuna, ndipo ndinabwerera kwa dokotala mtima uli m'mwamba, poopa kuti chithandizo chalephereka. Zinapezeka kuti chomatira chongoyembekezera chimene dokotala anatsekera dzinolo chinali chitatalika pang'ono, moti dzinolo linkayamba kugunda linzake lam'mwamba mano ena asanakumane. Atachipala pang'ono, kutacha ululu unali utazimiririka.

Sindinganene kuti laser yokha ndiyo inachepetsa ululu, pakuti dzino loyamba lija linali litachita kale mafinya kunsonga kwa muzu, pamene ili ndinafulumira nalo. Chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti palibe amene anandifotokozera pasadakhale kuti laser zilipo zamitundumitundu, ndiponso kuti ina, ya mphamvu yochepa, amangowalitsira pankhama pofuna kuchepetsa kutupa ndi ululu. Wodwala ayenera kuuzidwa imene akumugwiritsira ntchito ndi chifukwa chake.

Dzino lina likadzafuna chithandizochi, ndidzasankhanso laser. Sabata yamawa akandiveka crown, kachipewa kophimba dzino, pa dzinoli, ndipo sindidzachoka pampando asanandilumitse kapepala kabuluu kaja koyezera mmene mano akukumanirana.