Pikapu yanga yakale ndi khodi ya P0335 yomwe inkangobwererabwerera

Mnzanga wina akufuna kugula pikapu yakale ngati yangayi, ya petulo, ya 2003, ndiye wandifunsa ngati ndingamulimbikitse. Ndati ndingolemba pano, poti zomwe ndinalemba nditangoigula zinali zachimwemwe chokhachokha.

Giya ndi kilatchi sizinandivutepo. Katundu imanyamula osadandaula, mabuleki amagwira, mafuta imamwa mogwirizana ndi msinkhu wake.

Mutu unandipweteka ndi chinthu chimodzi basi. Pasanapite nthawi, nyali ya check engine, yochenjeza za vuto la injini, inayaka, kenako galimoto inayamba kuzima yokha ikatentha, makamaka pamdipiti wa magalimoto pomwe umangoyenda pang'onopang'ono. Ukapotokola kiyi, sitata inkazungulira bwinobwino koma injini osalira. Ukaisiya kuti izizire, inkalira ngati sipanachitike kanthu. Makaniko ataiika pa kompyuta, panatuluka P0335, khodi ya OBD-II (njira yomwe kompyuta ya galimoto imanenera zovuta zake) yokhudza sensa ya crankshaft, chitsulo chomwe mapisitoni amazunguza mu injini. Kasensa kameneka kamawerenga mano a gudumu lomwe limazungulira limodzi ndi crankshaft, n'kumauza kompyuta ya galimoto pomwe mapisitoni afika komanso liwiro la injini. Uthengawu ukapanda kufika, kompyuta situmiza moto kumapulagi ndipo mainjekita sathira petulo. N'chifukwa chake singano ya rev, yoonetsa liwiro la injini, inkangokhala duu pa ziro sitata ikuzungulira.

Tinasintha sensa, khodi n'kuifufuta. Inabwerera. Makaniko anati mwina sensayo inali yafeki, tinagula ina yodula. Inabwereranso. Kenako anakayikira koilo ndi mapulagi, nazonso zinalowa zatsopano. Nthawi imeneyo mukanandifunsa ndikanakupatsani kiyi pamtengo uliwonse.

Anandipulumutsa ndi katswiri wa mawaya a galimoto, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Iwo sanakhudze n'komwe sensa. "Achimwene, khodiyi sikunena kuti sensa yafa ayi, ikunena kuti uthenga sukufika. Tiyeni titsate waya." Analiza injini, n'kuyamba kugwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono kuchokera pa sensa kulowera kukompyuta. Atafika kumbuyo kwa injini, inatsokomola n'kuzima. Kachitsulo kogwira mawayawo kanali kothyoka, mtolo wonse utatsamira paekizozi. Atamasula tepi wakuda wouma yemwe anakulungidwapo, pulasitiki wa waya umodzi anali atasungunuka, mkuwa uli pamtunda, timawaya tingapo tokha ndi tomwe tinatsala tolumikizana. Injini ikatentha n'kumanjenjemera, wayayo inkagunda chitsulo, uthenga n'kusowa. Pasoketi ya sensa panalinso oilo wodontha kuchokera pa silo, labala wotseka oilo, ya crankshaft. Anadula mbali yowonongekayo, n'kuwotcherera waya watsopano, kuuveka chotchinga kutentha ndi kuudutsitsa kutali ndi ekizozi. Silo tinasinthanso. Papita miyezi tsopano nyali ija isanayake.

Chomwe chimandiwawa ndi tepi uja. Sanadzikulunge yekha. Alipo anaona waya wopsa, n'kubisa. Bambo aja anandifotokozeranso kuti munthu akafufuta khodi, kapena akachotsa batire kwa kanthawi, nyali imazima mpaka vuto litabweranso. Koma chizindikiro chimatsala kwa kanthawi: pa kachipangizo ka OBD-II kowerengera makhodi, ma readiness monitor (mayeso omwe kompyuta ya galimoto imachita yokha) amaonetsa kuti sanamalize kudziyesa. Wogula galimoto yakale apite nako kachipangizoka, n'kotchipa poyerekeza ndi sensa imodzi, ndipo ayendetse galimotoyo mpaka itatentheratu, osati kungozungulira nayo pafupi.

Omwe anandigulitsa pikapuyi nditawaimbira anayamba ndi zoti galimoto yakale ndi choncho, anandigulitsa mmene inalili. Nditawatumizira chithunzi cha waya ndi tepi, mawu anafewa, ati mwina ndi mwini wake woyamba. N'kutheka. Koma batire linali lawo, ndipo nyali inali yozima tsiku lomwe ndinkapereka ndalama.

Masiku omwe yalira kamodzin'kamodzi m'mawa ndimaikonda pikapuyi, ndipo sindiganiza zoigulitsa. Ndikatsegula envulopu ya malisiti ndimabwerera m'mbuyo: masensa awiri, koilo, mapulagi, ndalama yoikokera kugalaja, zonsezo pa vuto lomwe kukonza kwake kunali kotchipa kuposa chilichonse mwa zimenezi. Mnzangayo ndamuuza kuti galimoto ya mtunduwu agule, koma kwa munthu wina. Ogulitsa anga analonjeza kubweza ndalama ya sensa imodzi kumapeto kwa mwezi, osatchula mwezi wake, ndipo foni anasiya kuyankha.