Hilux ya 2.8 dizilo patatha miyezi khumi: chisanu cha ku Dedza chaiulula

Mlamu wanga anandifunsa dzulo ngati naye agule Hilux yakale ngati yangayi. Ndati ndimuyankhe polemba, risiti ya makaniko ikadali m'thumba.

Injini yake ndi ija amaitcha 3L, ya malita 2.8, ya dizilo yopanda turbo. Ndinagula mu October chaka chatha, ndipo ndimanyamulira mbatata kuchokera ku Bembeke kupita ku Lilongwe. Masipuling'i ndi olimba, four wheel imagwira, matope a mu February sanaigonjetsepo. Mafuta imamwa mwaulemu. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Vuto linayamba mu June. Tsiku lomwe ndinkagula kunali kotentha, komanso ndinapeza wogulitsa ataiwotha kale, ndiye inalira kamodzin'kamodzi. Koma chisanu chitafika, 4 koloko m'mawa katundu ali pamwamba, sitata inkangozungulira mpaka batire kutha. Ikati yalira, utsi woyera wonunkha dizilo pabwalo ponse, injini ikunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Ndinayamba kuigoneka pamtsetse, ndipo anyamata apamudzi ankadziwa kuti m'mawa pali ganyu yokankha.

Makaniko anapeza kuti ma heater plug, tizitsulo totenthetsa m'injini isanalire, awiri mwa anayi anali akufa. Tinasintha onse, zinthu zinasinthako. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha, koma pansi pomwe imagona panayamba kuoneka madontho a oyilo, ndipo tsiku lina ndinapeza dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, itatukuka yokha.

Apa m'pamene makaniko anandiitana: “Bwana, tabwerani muone nokha.” Injini ikulira, anamasula chotsekera oyilo n'kuchisiya pakamwa pake. Chinayamba kuvina, nthunzi ikutuluka ngati m'poto wa nyemba. Kenako anatsata paipi ya breather, ija imachoka pa tappet cover, chivundikiro cha pamwamba pa injini, kupita komwe injini imakokera mpweya. M'kati mwake munali bawuti, yokanikizidwa bwinobwino.

Anandifotokozera motere. Ma ring, mphete za pamapisitoni zotsekera mpweya, akatha, mpweya wina wa m'masilinda umazembera pansi ku sump komwe kumakhala oyilo, ndipo paipi ija ndiyo imaubweza kuti ukapsere mu injini. Wina anaitseka kuti oyilo asamaonekere kokokera mpweya. Mpweya wosowa njira unayamba kukankha oyilo pa ma seal. Ndiye poti dizilo sayaka ndi spark plug koma ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, injini yomwe ikutaya compression imavutika kwambiri chitsulo chikazizira. Ine ndinkayesa matenda awiri, chonsecho muzu unali umodzi. Ngakhale oyilo amene ndinaipeza naye anali wolemera, 20W-50, amene kukazizira amalemetsa sitata.

Tinachotsa bawutiyo, kuika paipi yatsopano, kusintha seal yakutsogolo ndi kuthira oyilo wopepukirako wa 15W-40. Tsopano ndimatembenuza kiyi kawiri, kudikira kuti kanyali ka heater kazime, kenako imalira. Kudontha kwasiya. Koma ma ring akadali omwe aja, ndipo oyilo ndimawonjezera sabata iliyonse. Makaniko wati overhaul, kuphwasula injini n'kuikonzanso, siingapitirire chisanu chinanso.

Galimoto sindikuiimba mlandu, yagwira ntchito zaka zambiri ndipo chitsulo chimatha. Mtima wanga uli pa amene anandigulitsa. Nditawaimbira anati, “Achimwene, galimoto yakale ndi choncho, munaiyesa nokha.” Za bawuti anati sakuzidziwa, mwina ndi mwini wake woyamba. Kuyambira pamenepo foni yanga sayankha.

Masiku ena, ikamakwera mtunda itasenza matumba osadandaula, ndimati ndinagula bwino. Ndikawerenga za ma plug, batire latsopano, seal ndi ganyu wa okankha, ndimapeza kuti phindu la maulendo angapo linathera pomwepo, overhaul isanabwere n'komwe. Akanandiuza zoona ndikanagulabe, koma pamtengo wotsika.

Alamu, ngati mukuifuna, kaioneni m'mamawa isanalizidwe, mugwire injini ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, mutsegule chotsekera oyilo ikulira, ndipo paipi ya breather muizule muisuzumire. Yangayi sindigulitsa, ndalama ya ma ring ndayamba kale kusunga.